Gasi ataphwa, ovota adatembenukira chipani cha amphawi ku Bolivia

Chipani chikalamulira zaka pafupifupi 20 kenaka n'kupeza mavoti atatu okha pa 100 aliwonse, ndiye kuti pagona nkhani. Izi n'zomwe zidaonekera chipani cha MAS m'dziko la Bolivia, ku South America, pachisankho cha mu August 2025.

MAS idalowa m'boma mu 2006 motsogozedwa ndi Evo Morales, mlimi yemwe adalonjeza kuti chuma cha dziko chizitumikira amphawi. Chaka chomwecho boma lidatenga ulamuliro wa zitsime za gasi m'manja mwa makampani akunja. Ndalama zogulitsa gasiyo ku Brazil ndi Argentina zidaonekadi: okalamba ndi ana asukulu ankalandira kangachepe, umphawi n'kutsika kwambiri. Pofika 2014 banki yaikulu idali itasunga ndalama zakunja pafupifupi $15 biliyoni.

Koma bomalo linkakama ng'ombe osaidyetsa. Silidalimbikire kufufuza gasi watsopano, kotero zitsime zidayamba kuphwa. Chonsecho lidapitiriza kuitanitsa petulo ndi dizilo kunja n'kumagulitsa pamtengo wozizira, uku likuumirira kuti dola imodzi izisinthidwa ndi maboliviano 6.96 monga lidakhazikitsira mu 2011.

Kodi atsogoleri samaona ngoziyi? Ankaiona ndithu, koma ankaopa. Morales adayesapo kukweza mafuta mu December 2010, anthu adakhamukira m'misewu, ndipo pasadathe sabata adabweza ganizolo. Kuchokera apo nkhani ya mafuta idasanduka mphika wotentha.

Moto udadzayakira Luis Arce, yemwe adali nduna ya zachuma ya Morales ndipo adapambana mu 2020 ndi mavoti 55 pa 100 aliwonse. Pomatha 2023 m'thumba mudatsala ndalama zosakwana $2 biliyoni. Madola adasowa m'mabanki n'kumapezeka kwa mavenda pamtengo wokwera, madalaivala ankagona pamizere ya mafuta, ndipo mitengo ya zakudya idakwera. Ovutika kwambiri adali amphawi omwewo amene chipanicho chinkati chikuwateteza.

M'malo mogwirana manja, Arce ndi Morales adayamba kulimbirana chipani. Otsatira Morales ankatseka misewu, zomwe zidangowonjezera kusowa kwa katundu, ndipo mu June 2024 asilikali ena adafika pofuna kulanda boma, ngakhale adalephera.

Rodrigo Paz, yemwe adapambana chisankho chachibwereza mu October 2025, sadachedwe: mu December chaka chomwecho adachotsa sabuside ya mafuta yomwe Morales ndi Arce adaiopa kwa zaka 15.