Musagawe diski yonse tsiku loyamba

Lachisanu lina la kumapeto kwa mwezi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, foni inalira. Anali mayi a ku ofesi ina komwe ndimathandiza za makompyuta. "Achimwene, seva yaima, malipiro a anthu sanatuluke." Nditafika ndinalemba df -h, ndipo mlandu wonse unaonekera pa mzere umodzi: gawo la / linali pa 100%. Diski inali yamoyo ndithu. Kungoti pulogalamu ina inakhala ikulemba dandaulo lomwelomwelo mu /var/log usana ndi usiku, mpaka malo anatha. Amene anakonza sevayo anaunjika zonse m'gawo limodzi, ndiye database inasowa polemba n'kuima.

Kugawa diski kuli ngati kugawa munda wa banja. Popanda malire, wolima mwakhama amalowerera mizere ya anzake. N'chifukwa chake /var iyenera kukhala payokha, poti ndi kumene kumagwera ma log, makalata ndi ma database ambiri. Ikadzaza, seva yonse siifera limodzi nayo.

Koma amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi ena aja, omwe akamva zimenezi amatenga diski yatsopano n'kuigawa yonse tsiku lomwelo, osasiyako ngakhale pang'ono. Amapatsa /home malo aakulu pa seva yomwe palibe munthu adzasungapo kanthu, /var n'kuimana. Pakatha chaka, kuno kwadzaza, uko kuli mbee, ndipo malire sakusunthika.

Kale tinali ndi chowiringula. Dongosolo la MBR, lomwe linabwera mu 1983, limalola magawo akuluakulu 4 okha, ndipo pa diski wamba silidutsa 2 TB. Kusuntha malire kunkafuna kuzimitsa seva ndi kugona mu ofesi. Lero GPT imalola magawo 128. Koposa apo tili ndi LVM, yomwe Heinz Mauelshagen analembera Linux mu 1998. LVM imasonkhanitsa malo a diski, ngakhale a madiski angapo, kukhala nkhokwe imodzi, ndipo mumatapamo monga mwa kusowa kwanu. Gawo likayamba kuthina, lvextend imaliwonjezera malo seva ikugwirabe ntchito, ogwira ntchito mu ofesi osadziwa n'komwe.

Komatu nkhokweyo izikhala ndi chotapa. Makolo ankasiya tsala dala, podziwa kuti ana akubwera ndipo sadziwa adzachuluka mbali iti. Inunso simudziwa gawo lomwe lidzakule. Kukulitsa n'kosavuta, kuchepetsa ndiye mtunda. XFS, dongosolo losungira mafayilo lomwe Red Hat inalisankha kukhala lokhazikika kuyambira mu 2014, imakula koma siibwerera m'mbuyo. Ext4 imachepetseka, koma pokhapokha mutaichotsa kaye pa ntchito, ndipo mukalakwitsa nambala mafayilo apita. Ine ndimagawa zochepa, pafupifupi theka n'kulisiya osakhudza.

Pali kanthu kena komwe kwagwetsa ambiri. Mayina ngati /dev/sda ndi /dev/sdb si okhazikika. Seva ikazima n'kuyakanso, madiski akhoza kusinthana mayina. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima pafupipafupi, mwayi woti zimenezi zichitike umachuluka. Mu /etc/fstab lembani UUID, nambala yokhazikika ya gawo lililonse, osati dzina. Ndipo musanakhudze fdisk kapena parted, onani kaye ndi lsblk kuti diski yomwe mukuloza ndi yomweyodi, komanso kuti backup ya dzulo ilipo ndipo inayesedwa. Madzi akatayika saoleka.

Tsiku lija ndinafufuta ma log akale, n'kukonza pulogalamu yodandaulayo, ndipo malipiro anatuluka nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Loweruka lotsatira tinabwerera ndi diski yachiwiri, tinasamutsira /var pa LVM. Mayi aja ataona kuti theka la diski yomwe anagula ndi ndalama zambiri ndalisiya lopanda kanthu, anafunsa ngati ndaiwala. Ndinawaonetsa mzere wa 100% uja, womwe ndinaujambula pa foni. Patatha miyezi 8 database inakula, ndipo ndinatapa 50 GB m'tsala muja iwo ali pa desiki akulemba malisiti.