Pa Phiri la Mulanje, Foni Siidziwa Njira

Tchuthi chikayandikira, ophunzira ena amakonza ulendo wa masiku atatu kapena anayi pa phiri la Mulanje: kunyamukira ku Likhubula, kugona pa Chambe, kupitirira ku Chisepo, mwinanso kukafika pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Ndi ganizo labwino. Thupi lomwe lakhalira desiki teremu yonse limafuna kuongoka.

Koma sindigwirizana ndi anzathu amene amati mapu a pa foni ngokwanira, wotsogolera njira ngongowonongetsa ndalama. Pamwamba paja netiweki imasowa, batire limatha, ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imakwirira njira yonse mwadzidzidzi. Alendo ena amene anakwera okha cha ku Sapitwa anasochera n'kufera komweko. Safunsa anadya phula.

Dzikonzereni nokha ulendo, dziphikireni, senzani zikwama zanu, koma tengani wotsogolera wa m'midzi ya m'munsi mwa phirilo. Mukasonkherana anthu asanu, ndalama yake silemera, ndipo imakadyetsa banja lake. Iyeyo ndiye angakuuzeni maola enieni a njira iliyonse, kuti Lachisanu dzuwa likalowe mutafika kale pogona.