Siginecha ya lekichala mmodzi isatsekere ana athu njira

Amayi ndi atsikana anzathu, lero tikambe za kapepala kamodzi kamene kakugwetsa ana athu m'makoleji mwakachetechete.

Semesita ikamayamba, makoleji ena amamata chidziwitso choti akufuna ophunzira oti akhale ma tutor, azithandiza anzawo a chaka choyamba pa masamu, sayansi ndi kalembedwe ka asayimenti. Ndi mwayi ndithu. Kwina amapereka kangachepe, ndipo ngakhale popanda ndalama, pa CV zimalemera. Koma kumunsi kwa chidziwitsocho amaikako lamulo loti wofunsira abwere ndi kalata yomuchitira umboni kuchokera kwa lekichala. Apa ndiye pali nkhani.

Taganizirani mtsikana wa kuno ku Mvera, kwa a T/A Chiwere, kapena wa kumapiri a Ntchisi uko. Waphunzira pa CDSS yopanda labu, buku limodzi akulimbirana kalasi yonse. Wakhoza MSCE, wasankhidwa. Kukoleji akumutcha tradi chifukwa Chingerezi chake si cha ku Area 47. Amakhala chete m'kalasi ya anthu ochuluka ngati pamsika, koma pa mayeso amaswa. Alekichala dzina lake salidziwa. Amene amawadziwa ndi anyamata amene amaonera nawo Bullets ndi Wanderers, amene amawanyamulira laputopu, amene amalowa mu ofesi osagogoda nkomwe. Ndiye kalatayo ikuyeza nzeru kapena ikuyeza kudziwana?

Nanga mtsikanayu akalimba mtima n'kupita ku ofesi? Tonse amene tadutsa ku koleji tikudziwa zimene zimatsatira. Akalowa kawiri, kampasi yonse yamukwatitsa kale. Akakumana ndi munthu wolakwika, ayamba kumva kuti ubwere madzulo, panopa ndatanganidwa, undipatse nambala ya WhatsApp. Ndipo munthu yemweyo ndi amene akuchonga pepala lake, amene angamupatse sapu, amene angamuwidetse. Atsikana ambiri amawerengetsa zonsezi n'kungosiya, fomu osatenga. Kenako akuluakulu n'kumadabwa pa msonkhano kuti koma atsikana bwanji safunsira? Ati alibe chidwi. Abale!

Chowawa n'chakuti ntchitoyo akuigwira kale, yaulere. Lowani ku hositelo ya atsikana sabata ya mayeso muone amene akutsogolera diskashoni mpaka usiku. Ndi omwewo opanda kalatawo.

Tikudziwa ena athamangira kulemba kuti si malekichala onse. Eya, si onse. Ena a ife tinaphunzitsidwa ndi abambo ndi amayi aulemu, amene anatilembera makalata osapempha ngakhale Fanta. Koma loko pachitseko sitiika chifukwa mudzi wonse ndi wakuba. Dongosolo limene likudalira kuti mwana achite mwayi wokumana ndi munthu wabwino ndi dongosolo lowola. Amene anaonera Sex for Grades ya BBC Africa Eye mu 2019, ya ku Lagos ndi ku Ghana ija, anaona kuti nyambo sinali magiredi okha ayi. Kunalinso malonjezo a malo ndi mwayi, ndipo zonse zimachitikira kuseri kwa chitseko chotseka. Ife tisanamizane kuti kwathu kuno zitseko n'zosiyana.

Lamulo lilipo. Gender Equality Act ya 2013 imanena kuti kuzunza munthu pomufuna zachisembwere ndi mlandu, chilango chake K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo a Malawi Human Rights Commission ndi amene anapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa. Lamulo lomwelo likuti polemba ophunzira m'makoleji, akazi kapena amuna asachepere 40 pa 100 aliwonse. Ndiye tiwalowetse pa geti chifukwa lamulo latero, koma mkatimo mwayi uliwonse uzidutsira m'thumba la munthu mmodzi?

Zimene tikufuna sizilira bajeti. Magiredi ali kale kwa a registrar, atengeni kumeneko. Wofunsira aime pamaso pa komiti ya anthu atatu, mmodzi akhale mayi, aphunzitse mphindi khumi chitseko chili chotsegula. Wodziwa kufotokoza amaoneka pompo. Ngati umboni ukufunikabe, dipatimenti ndiyo iziitanitsa kwa lekichala, mwana asamayende yekha ndi pepala m'makhonde. Ndipo anzake amene wakhala akuwathandiza nawonso afunsidwe, poti ndiwo akudziwa amene anawapulumutsa ku sapu. Mayina a osankhidwa amatidwe poyera, tiwerenge kuti atsikana ndi angati.

Inu makolo a ku Mvera, mwana akabwera ku holide musamangofunsa za magiredi. Mufunseninso kuti ndi mwayi uti umene anausiya chifukwa choopa ofesi. Munagulitsa soya ndi mtedza kuti akaphunzire, osati kuti akagwadire siginecha.

Ndipo inu atsikana amene muli m'makoleji panopa, tilembereni ku inbox momwe amasankhira ma tutor kwanuko. Dzina lanu sititulutsa. Zimene mutiuze tizisonkhanitsa n'kukazitula kwa ma Dean of Students ndi mabungwe a ophunzira, semesita ikubwerayi isanayambe.