GALIMOTO YA MAGETSI: TIIDIKIRE MOTANI?

Masiku ano pakamwa pa anthu okonda magalimoto pali nkhani imodzi, ndiyo ya galimoto yoyendera magetsi. Nkhaniyi siinathere m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe yokha ai, koma yatsikira ndithu ku chigwa cha Shire, kotero kuti ngakhale kwa Mfumu Mbenje m'boma la Nsanje, pa Sorgin ndi pa Bangula, aphunzitsi ndi anthu ogwira ntchito m'Boma amaonetsana zithunzi zake pa lamya za m'manja, nafunsana kuti idzafika liti, idzagulidwa ndalama zingati, ndipo kodi idzatha kukwera phiri lija la pa Thabwa osapumira panjira. Ena akuti ifika chaka chino, ena akuti chaka cha mawa. Ena akuti mtengo wake udzatsika mpaka kufanana ndi wa galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan.

Ife sitikuwadzudzula anthu amenewa, pakuti chilakolako chawo chili ndi chifukwa chomveka. Munthu amene adagonapo pa mzere wa petulo mu 2011 ndi 2012, nagonanso pamenepo mu 2022 ndi 2024, ali ndi ufulu wolota galimoto yosamwa petulo. Dziko lathu lilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi. Petulo ndi dizilo timazigula ndi ndalama zakunja, ndipo zimayenda mtunda wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023, mtolo wa mafutawo udalemera pa mutu wa aliyense. Koma magetsi timapanga tokha, ochuluka a iwo ndi madzi a mtsinje wa Shire womwewu. Chotero maganizo akuti tiyendetse magalimoto athu ndi mphamvu ya kwathu ndi maganizo anzeru, oyenera dziko lofuna kuima palokha.

Komatu tisanathamange, tiyeni tione zimene zidawachitikira anzathu a maiko ena amene adayamba kudikira ife tisanayambe. Pa 31 Malichi 2016 kampani ya Tesla ya ku America idaonetsa galimoto yake yotchedwa Model 3, nilonjeza kuti idzagulitsidwa madola 35,000. Anthu adaima pa mizere kukapereka chikole cha madola 1,000 aliyense, ndipo sabata imodzi isanathe olembetsa adapitirira 300,000, galimotoyo asanaikhudze nkomwe. Zoyamba zidaperekedwa mu Julayi 2017, koma zinali za mtengo wokwera. Ija ya madola 35,000 idatulukira mu 2019. Kampani yomweyo idaonetsanso galimoto ina, Cybertruck, mu Novembala 2019, ndipo ogula oyamba adailandira mu Novembala 2023, patapita zaka zinayi, pa mtengo woposa umene udanenedwa poyamba. Ngati izi zidachitika m'dziko limene fakitale ili pakhomo, nanga kuli bwanji kuno kumene galimoto iyenera kuoloka nyanja, kulipira msonkho pa chipata, ndi kugulidwa ndi madola amene mabanki athu amapereka moyeza? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Galimoto imene yautsa chiyembekezo cha anthu a malipiro ochepa ndi yaing'ono ya kampani ya BYD ya ku China, yotchedwa Seagull, imene idatuluka kwawoko mu 2023 pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo mu 2025 idayamba kugulitsidwa ku South Africa ndi dzina lakuti Dolphin Surf. Ndi galimoto yooneka bwino, ndipo eni ake amati ikadzazidwa magetsi imayenda makilomita pafupifupi 300. Koma woŵerenga aliyense adziŵe kuti mtengo wa ku China si mtengo wa ku Limbe, ndiponso kuti makilomita olembedwa pa pepala amayesedwa pa msewu wosalala, popanda katundu, popanda kutentha kwa mwezi wa Okutobala.

Tsono funso lenileni si lakuti galimotoyo idzafika tsiku liti. Funso ndi lakuti, ikadzafika idzapeza chiyani?

Choyamba ndi magetsi enieniwo. Batire ya galimoto yaing'ono yotere imalandira mayunitsi 30 kapena 40, ndipo kuidzaza pa soketi wamba ya m'nyumba kumatenga usiku wonse ndi kupitirira. Izi nzotheka kwa munthu amene nyumba yake ili ndi magetsi osathimathima. Koma kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mwa mabanja 100 alionse m'Malaŵi, ndi 11 okha amene ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi, ndipo kumidzi chiŵerengerocho chinali chotsika koposa. Mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi kwa Mbenje, amene lamya yake amakaitchajitsa ku sitolo ya pa msika, adzaitchaja kuti galimoto?

Anthu a kumunsi kwa Shire safunika kuuzidwa za kufooka kwa magetsi athu, pakuti adaona ndi maso awo. Makina a ku Nkula adayamba kugwira ntchito mu 1966, a ku Tedzani mu 1973, ndipo a ku Kapichira, m'boma la Chikwawa, mu 2000. Onseŵa ali pa mtsinje umodzi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la ku Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi. Makinawo adayambanso kuzungulira mu 2023. Miyezi yonseyo magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku. Tikadakhala kuti tonse tidagula kale magalimoto a magetsi, bwenzi titachoka pa mzere wa petulo kukaima pa mzere wa soketi. Nchifukwa chake ntchito zimene zachitika zoonjezera magetsi a dzuŵa, monga mamegawati 60 a ku Salima a mu 2021 ndi mamegawati 20 a ku Golomoti a mu 2022, pamodzi ndi chikonzero cha damu la Mpatamanga, ndizo nkhani zimene wokonda galimoto ya magetsi ayenera kuzitsata mwachidwi kuposa zithunzi za pa lamya.

Chachiŵiri ndi dziko lenilenilo. Chigwa cha Shire ndi chotentha, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Batire ya mtundu umene uli m'magalimoto ameneŵa imakalamba msanga ikamakhala pa kutentha kotere, ndipo batire ndiyo chiwalo chodula koposa m'galimoto yonse. Amene akuganiza zoitanitsa galimoto ya magetsi yakale, monga Nissan Leaf imene idayamba kupangidwa mu 2010, afunse za moyo wa batire asanafunse za mtundu wa penti, pakuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Palinso madzi osefukira. Anthu a kwa Mbenje akukumbukira 2015, akukumbukira Idai wa 2019, Ana wa 2022 ndi Freddy wa 2023, pamene milatho idaduka ndi mitengo ya mawaya kugwa. Pa masiku otero dizilo amatha kunyamulidwa m'chigubu pa bwato, koma magetsi sanyamulidwa m'chigubu. Kunena mosakondera, galimoto ya magetsi ili ndi ubwino wakenso pa msewu wathu wa M1: potsika phiri kuchokera ku Blantyre imabweza mphamvu ina m'batire m'malo motentha mabuleki, ndipo ilibe oilo wa injini wosintha kaŵirikaŵiri. Koma mphamvu imene yapindula potsika idzailipira ndi chiongoladzanja pokwera.

Chachitatu ndi amisiri. Makaniko athu a pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula ndi anthu aluso, amene amadzutsa injini yakufa ndi sipanala ndi khutu lokha. Koma galimoto ya magetsi ili ndi mawaya a mphamvu ya mavoti mazanamazana, yokhoza kupha munthu wosaphunzitsidwa, ndipo matenda ake amadziŵika ndi kompyuta. Pano ndi pamene sukulu zathu za ntchito zamanja ziyenera kuyamba lero, galimotoyo isanafike, kuti mwini wake asadzaikokere ku Blantyre chifukwa cha kachingwe kamodzi.

Maiko ena a mu Africa atisonyeza njira. Dziko la Ethiopia, limene lili ndi magetsi ambiri a madzi koma ndalama zakunja zochepa, lidaletsa mu 2024 kuitanitsa magalimoto a anthu wamba oyendera petulo ndi dizilo. Ku Nairobi mabasi a magetsi a kampani ya BasiGo adayamba kunyamula anthu mu 2022. Ku Kigali kampani ya Ampersand idayamba ndi njinga zamoto, zimene woyendetsa amangosiya batire yotha natenga yodzaza, monga momwe munthu amasinthira botolo lopanda kanthu ku sitolo. Phunziro lake nlakuti magetsi amapindulitsa msanga pa chinthu choyenda tsiku lonse ndi kunyamula anthu ambiri. Kwa Mbenje chinthu chimenecho ndi kabaza. Ife tikhulupirira kuti njinga yamoto ya magetsi, yotchajidwa ndi dzuŵa loŵala la m'chigwa muno, ndiyo idzayamba kufikitsa mayi wodwala ku chipatala ndi mphunzitsi ku sukulu, galimoto ya zitseko zinayi isanaoneke.

Tisaiŵalenso kuti dziko lathu silidzakhala logula lokha. Miyala ya graphite ya ku Kasiya m'boma la Lilongwe ndi ya mtundu umene umaloŵa m'mabatire, ndipo miyala yosoŵa ya ku Kangankunde ku Balaka ndi ya ku phiri la Songwe ku Phalombe ndi ya mtundu umene amapangira maginito a mota. Ndiponso kuyambira 1982 takhala tikusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe zathu, poyamba wa ku Dwangwa, pambuyo pake wa ku Chikwawa. Kuchepetsa mafuta akunja ndi ulendo umene tidauyamba kale, ndipo galimoto ya magetsi ndi gawo lake lotsatira.

Kwa inu ogwira ntchito m'Boma ndi inu aphunzitsi, amene anthu a m'midzi amakuyang'anani ngati nyali, malangizo athu ndi aŵa. Musapereke chikole kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook kapena pa WhatsApp, wopanda sitolo, wopanda garaja, wopanda kalata yotsimikiza za batire. Musatenge ngongole yodula pa malipiro anu chifukwa cha mphekesera. Funsani kumene mudzatchajire, amene adzakonze, ndi mtengo wa batire yatsopano. Safunsa adadya phula. Ndipo ana a m'kalasi mwanu akakufunsani za galimoto imeneyi, musawabweze. Aphunzitseni chimene yuniti ya magetsi ili, aŵerengetseni mayunitsi ofunika kuchokera pa Bangula kukafika ku Nsanje, aonetseni pa mapu pamene pali Kapichira. Mwa ana amenewo ndimo mudzatuluka amisiri amene tikuwasoŵa.

Galimoto ya magetsi idzafika ndithu, ndipo tidzailandira ndi manja aŵiri. Koma mlendo wolemekezeka sadikiridwa pa msewu. Amadikiridwa posesa pabwalo ndi kutunga madzi.