ZA M'BANJA: Khanda lodwala ndi mkaka

Mwezi uno tinena za nthenda yosowa ya makanda, imene madotolo aitcha galactosemia. Kawirikawiri takuuzani kuti bere la mayi ndilo mphatso ya Mulungu kwa khanda, ndipo mawu amenewo sitiwabweza ayi. Koma alipo makanda owerengeka amene thupi lawo silitha kugaya shuga wina wa mu mkaka, wotchedwa galactose. Chilema ichi mwana achitenga kwa atate ndi amayi onse awiri, angakhale iwo eni ali amoyo wangwiro. Tsono musathamangire kunena za tsempho kapena ufiti. Palibe wochimwa pamenepa.

Khanda lotere libadwa labwinobwino. Likayamwa masiku pang'ono liyamba kusanza, kukana bere ndi kulefuka. Maso ndi khungu zichita chikasu, mimba itupa, ndipo lina lichita ng'ala.

Ife a ku Chitawira tili ndi mwayi, pakuti chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chotsegulidwa mu 1958, chili pafupi, kungokwera ku Ginnery Corner. Dotolo apaka mafuta pamimba pa khanda nayendetsapo kachida ka sikani, kamene kaona m'kati ndi mawu osamveka ku khutu la munthu; sikaboola, sikapweteka. Pamenepo aona ngati chiwindi chakula, ngati m'mimba mwadzala madzi, kapena ngati njira ya ndulu yatsekeka, imene ili nthenda ina yofuna opaleshoni. Akaika kachidako paliwombo, pomwe paja agogo aletsa kukhudza, asuzumira ubongo. Makina a MRI, amene anafika pa Queen mu 2008 chifukwa cha kufufuza malungo a mu ubongo, ndiwo mtundu wa makina oonetsa bwino ubongo ukatupa.

Komatu chithunzi sichitchula dzina la nthenda. Chionetsa pamene nthenda yawononga. Dzina lituluka poyeza magazi. Dotolo akaikayikira sadikira: aletsa mkaka wonse, wa m'mawere ndi wa ng'ombe womwe, napereka wa soya, ndipo kawirikawiri chiwindi chichira. Koma inu amayi, musachotse mwana kubere mwa nokha poona chikasu, pakuti makanda ambiri achikasu alibe nthendayi. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwana wamkazi wa nthenda iyi ayenera kuonedwanso akamasinkhuka, chifukwa ambiri mwa iwo mazira awo afota msanga, ndipo sikani yomwe ija ithandiza kuzindikira.