Chitipa United ikanagonja, ndani akanaulula?

Anthu a kuno ku Chitipa sitiyenera kuiwala za 2017. Chitipa United inakumana ndi Nchalo United m'chikho cha Carlsberg, zigoli n'kukhala 1-1, anyamata athu n'kupambana pa mapenate. Patapita masiku, bungwe la oyimbira mpira linaletsa oyimbira anayi, kuphatikizapo Aziz Nyirenda amene anagwira wezulo, kuti asadzayimbirenso moyo wawo wonse. Linati analandira ndalama, pafupifupi madola 20 basi, kuti akondere Nchalo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhaniyi sinatuluke chifukwa cha kafukufuku. Inatuluka chifukwa opereka ndalamawo atagonja anafuna kuti awabwezere. Chitipa ikanagonja tsikulo, osewera akanakwera basi ulendo wautali wobwerera kwawo akudziimba mlandu, mphunzitsi akanatukwanidwa pamsika, ndipo palibe akanadziwa kuti masewero anagulidwa kale asanayambe.

Onani mmene a badminton anachitira. Mu 2018, bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse la BWF linaletsa Zulfadli Zulkiffli wa ku Malaysia kwa zaka 20 ndi chindapusa cha madola 25,000, ndipo mnzake Tan Chun Seang zaka 15 ndi madola 15,000, pa mlandu wogulitsa masewero. Zulfadli anali katswiri wa achinyamata padziko lonse mu 2011. Mlanduwo unayamba ndi wosewera mnzawo amene anakanena, kenako ofufuza anaunika mauthenga a m'mafoni. Mu 2021 osewera asanu ndi atatu a ku Indonesia analangidwanso, atatu mwa iwo moyo wonse. Kumeneko kuli khomo loti munthu n'kugogoda mwachinsinsi.

Kwathu kuno khomolo lili kuti? Ngakhale Hellings Mwakasungula, amene anasewerera Flames, anachita kuletsedwa ndi FIFA mu 2019 pa mlandu wogulitsa masewero.

Woyimbira amene walipira yekha thiransipoti ndipo malipiro ake akuchedwa ndi wosavuta kumugula, ndipo amene wamugulayo ali ndi mlandu wofanana naye. Kugula masewero ndi ziphuphu, ndipo dziko lino lili ndi lamulo lolimbana ndi ziphuphu komanso bungwe la ACB. Pempho langa ku bungwe la mpira la FAM ndi loti likhazikitse njira yoti wosewera kapena woyimbira azinena popanda kuopa kuchotsedwa, ndipo milandu yotere izipita kukhoti, wopereka ndi wolandira yemwe.