Tikiti yotchipa isatiiwalitse kamba

Abale athu a ku Joni akamakamba za ndege amayerekeza makampani awiri. Pa FlySafair tikiti ndi yotsika mtengo, koma chakudya umagula wekha m'mwamba momwemo. Pa Airlink amakupatsa kachakudya osalipiranso, poti mtengo wake unalowa kale mu tikiti. Kuchoka ku Johannesburg kupita ku Cape Town ndi maola awiri okha, ndiye njala siisautsa kwenikweni.

Ife a ku Chitipa timayenda pa basi, ndipo ulendo wathu ndi wautali. Pobwera ku koleji timatsetsereka makilomita pafupifupi 100 kukafika ku Karonga, kenako kukwera Chiweta, kudutsa Mzuzu ndi Jenda. Ndalama imene tapulumutsa pa basi yotchipa imathera pa windo: tchipisi, kanyenya, zakumwa.

Kwa ife a Adventist nkhani siithera pa mtengo. Kanyenya wogula usiku pa siteji, ndani angatitsimikizire kuti si nkhumba, kapena kuti sanakazingidwe pa chiwaya chimodzi ndi nkhumba? Basi ikuliza hutala, palibe nthawi yofunsa.

Makolo athu sankanyamuka opanda kamba. Nthochi za ku Misuku, mbatata yophika, mtedza wokazinga ndi botolo la madzi zimatifikitsa, ndipo tikudziwa amene wakonza.

Eni mabasi sitikuwapempha mabisiketi aulere. Aziima pamalo aukhondo, pali chimbudzi ndi madzi osamba m'manja, ndipo azidikira agogo akwere. Basi yotero tidzaikwera ngakhale mtengo wake utakwererako.